Ndege Yosathamangitsa Nyama

1. Kalata

Bwalo la ndege la pafupi ndi Chifunda munthu wa m'tauni akhoza kulidutsa osadziwa kuti ndi bwalo. Ndi mzere chabe wa udzu wometedwa bwino, wautali kilomita imodzi ndi pang'ono, pakati pa mitengo ya tsanya. Koma mvula ikadula msewu wa ku boma, wodwala aliyense amene walephereka pa kiliniki amatulukira pomwepo.

Woyang'anira bwaloli anali a Meshack, bambo ake a Jestina. Kale anali mlonda wa nyama zakutchire, mpaka tsiku limene njati inawathyola mwendo wamanzere. Mwendowo unapola mokhota. Ankayenda ndi ndodo, pang'onopang'ono, koma udzu wa pabwalo sunkapitirira m'kakolo, ndipo dzenje la njiri silinkagona masiku awiri lisanakwiriridwe.

Ntchito imeneyi ndiyo inawadzutsa. Atangovula yunifolomu anakhala chaka chathunthu pakhonde, osafuna kuyankhula ndi munthu. Jestina anakula akumva za chaka chimenecho, ndipo ankachiopa.

Lachisanu lina mu Febuluwale ndege inabwera ndi mankhwala. Inachita monga mwa masiku onse. Inayamba yadutsa m'munsimunsi ikubangula, moti nswala ndi njiri zimene zinkadya msipu pabwalopo zinabalalika, iliyonse njira yake. Kenako inazungulira n'kutera pamalo oyera.

Woyendetsa ndegeyo anali pachangu, chifukwa kumwamba kunali kutayamba kuda.

"Madala, iyi ndege lero ni kutsiriza," iye anatero akuwapatsa envulopu. "Kubwera ina yatsopano. Muiwerenge bwino iyo kalata."

Kalatayo inali ya m'Chingerezi, ya zilembo zing'onozing'ono. A Meshack anaitembenuza kawiri, kenako anaitana mwana wawo. Jestina anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anali mu giredi 11, ndipo pa mpikisano wothamanga panalibe mtsikana womupeza m'chigwa chonsecho. Makalata onse a panyumbapo ankawerenga ndi iye.

Anakhala pamphasa n'kuyamba kumasulira. Ndime yoyamba inkati bungwe lonyamula odwala layamba kuyesa ndege yoyendera mafuta ndi magetsi pamodzi. Yachiwiri inkati ndegeyo imatha mafuta ochepa ndipo imatulutsa utsi wochepa.

Atafika pa ndime yachitatu, anawerenga chamumtima. Inkati ndege yatsopanoyo potera imayendera magetsi okha, ndiye ilibe phokoso lothamangitsa nyama. Choncho woyang'anira bwalo, akangomva kuti ndege ikubwera, azithamanga bwalo lonse kupirikitsa nyama ndegeyo isanafike. Ngati sangathe chifukwa cha ukalamba kapena matenda, anene msanga kuti bungwe lipeze munthu wina.

Jestina anayang'ana mwendo wa bambo ake, umene anautambasulira pa kampando.

"Waima chifukwa chiyani?" anafunsa a Meshack.

"Ni mawu ovuta, adada. Akuti mupitirize kusamala bwalo monga kale. Akuti zikomo pa nchito yabwino."

"Basi?"

"Basi."

A Meshack anamwetulira. Anapinda kalatayo bwinobwino n'kuiika m'thumba la malaya.

2. Lamulo la a Meshack

Bodza limenelo linamuvutitsa Jestina tsiku lonse. Loweruka m'mawa anatsagana ndi bambo ake kukakwirira maenje, ndipo anayesa kulowera mbali ina.

"Adada, nanga ndege ikabwera nyama zili pabwalo, sitingalowe kuzipirikitsa tekha?"

A Meshack anaika khasu pansi. Nkhope yawo inasintha.

"Usakambenso zimenezo, mwana wanga. Khala pansi nikuuze. Iwe unali usanabadwe. Kunali mnzanga wina, Adam, munthu wochenjera kuposa ine. Tsiku lina ndege inamveka, mbuzi yake ili pakati pa bwalo. Anati nithamange nikaichotse. Ife tinakuwa, iye sanamve. Woyendetsa anamuona mochedwa, anayesa kukweza ndege, koma tayala linamupeza paphewa. Tinamunyamula na manja yathu awa. Mbuziyo inathawa yokha, ilibe na bala lomwe.

"Kuchokera tsiku limenelo, lamulo ni limodzi. Nikakweza nsalu yoonetsa mphepo pamtengo paja, palibe munthu aponda pa udzu. Kaya ni mfumu, kaya ni m'busa, kaya ni iwe. Nyama zili na makutu. Ndege idutsa kamodzi, zithawa zokha. Zaka khumi na zinayi nakhala pano, palibe munthu anatayapo magazi pa bwalo langa. Wamva?"

"Namva, adada."

Apa ndiye panali pabwino ponenera zoona, pakuti khomo linali litatseguka lokha. Koma Jestina anaona mmene bambo ake anatchulira mawu akuti "bwalo langa", ndipo anatola khasu n'kupitiriza kukwirira dzenje.

3. Mphamvu ziwiri

Lolemba, anzake atatuluka m'kalasi, Jestina anatsalira kuti afunse a Aaron, mphunzitsi wa sayansi. A Aaron anachokera ku Kitwe, ndipo mwana akawafunsa funso la makina ankaiwala ndi njala yomwe.

"Ba Ticha, ndege ingayende bwanji na mafuta na magetsi pamodzi?"

A Aaron anatola choko.

"Uidziwa firiji ya katemera ku kiliniki? Iyendera sola. Koma mitambo ikakhala masiku atatu, ba Sister aliza jenereta. Iyi ndege nayo ili na mphamvu ziwiri. Mapulopela yake yazungulira na mamota ya magetsi. Magetsi yachokera mu mabatire. Ndiye mkati muli kainjini ka mafuta, kakang'ono, kotsekeredwa bwino. Nchito yake ni kudzaza mabatire ndege ili m'mwamba. Ponyamuka zonse zithandizana, chifukwa m'pamene pafunika mphamvu zambiri. Potera kainjini kapumula."

"Nanga bwanji osangoika mabatire yokha?"

"Ni yolemera. Ndege ya mabatire yokha singachoke ku Chipata kufika kuno na kubwerera. Koma ya mafuta yokha nayo ili na mlandu wake. Utsi wa mafuta ukuwonjezera kutentha kwa dziko. Iwe waona wekha mvula ya zaka izi. Chaka china chimanga chipsa m'munda, chaka china madzi atenga milatho. Ndiye akatswiri anati tiphatikize, tichepetseko utsi pamene tikufunafuna mabatire yopepuka."

"Phokoso ilibe zoona?"

"Lilipo pang'ono, la mapulopela. Koma potera ungaimve pokhapokha yafika pamutu pako."

A Aaron anapukuta manja, kenako anamuyang'anitsitsa.

"Adada ako ndiwo ayang'anira bwalo. Izi azidziwa?"

"Kalata analandira."

"Chabwino. Nikuuze chinthu chimodzi, Jestina. Makina yatsopano yakabwera, anthu ayang'ana makina. Aiwala kuti nchito ya munthu wa pansi nayo yasintha. Nili ku migodi ninaona anthu akuvulala, osati chifukwa makina yanali yoipa, koma chifukwa anawagwira monga anali kugwirira yakale. Ngati mu kalata muli malangizo, yatsatidwe yonse. Osasankhapo yokoma."

Jestina anathokoza n'kutuluka. Anali atakonza kale nzeru yake. Ndege ya mankhwala inkabwera Lachisanu masana, iye ataweruka. Tsono azilawirira kubwalo mwakachetechete, n'kuthamanga mzere wonsewo kupirikitsa nyama bambo ake asanakweze nsalu. Kilomita imodzi kwa iye inali masewera.

Nzeruyo inkaoneka yabwino, monga zimakhalira nzeru za munthu amene sanafunse mnzake. Chimene anaiwala n'choti ndege imeneyi sinkanyamula mankhwala okha.

4. Lachitatu

Lachitatu m'mawa mlamu wake Damaris, mkazi wa Bradley, mchimwene wake wa Jestina, anayamba kumva kupweteka kwa pobereka. Inali mimba yoyamba. Jestina anawasiya akupita ku kiliniki, iye n'kupita kusukulu akuganiza za dzina la mwana.

Pofika masana zinthu zinali zitavuta. Mwana anali atagona chopingasa. A Deborah, namwino wa pa kilinikiyo, anayesa zonse zimene ankadziwa, kenako anaimba wailesi kupempha ndege. Anayankhidwa kuti ifika pakatha ola limodzi, koma isachedwetsedwe, chifukwa mvula yamphamvu inali kubwera kuchokera kumapiri.

Anamugoneka Damaris m'ngolo ya ng'ombe n'kupita naye kubwalo. A Meshack anali atafika kale ndipo nsalu inali m'mwamba. Pabwalopo panali nswala zoposa makumi atatu ndi banja la njiri, zikudya msipu wanthete. Palibe amene anada nazo nkhawa.

Kusukulu, Jestina anali kulemba masamu pamene mwana wina wa pawindo anakuwa kuti, "Onani ndege yosalira!"

Inadutsa pamwamba pa bwalo la mpira, yoyera, ya mapiko aatali, ikungomveka ngati mphepo ya m'mitengo. Ana anaombera m'manja. Jestina anadzambatuka pampando. Anavula nsapato, n'kudumpha pakhomo osapempha chilolezo.

Kuchokera kusukulu kukafika kubwalo ndi makilomita anayi a matope. Sanathamangepo chotero pa mpikisano uliwonse.

Pamene iye anali m'njira, ndege inadutsa koyamba pamwamba pa bwalo. Nswala zinadzutsa mitu, n'kuweramanso. Bradley anafuna kulowa, koma a Meshack anamutchinga ndi ndodo.

"Bwerera! Palibe aponda pa udzu. Izapita kachiwiri, zizathawa."

Ndege inadutsa kachiwiri, woyendetsa atayatsa kainjini kaja. Kanalira ngati jenereta ya kutali. Nyama zinasuntha pang'ono n'kuimanso pakatikati pa bwalo.

Wailesi ya m'manja mwa a Deborah inalira. Anali woyendetsa ndege. "Bwanji bwalo simunayeretse? Nizakwera m'mwamba nikupatseni mphindi zisanu. Chotsani nyama manje manje. Mvula yafika."

A Meshack anamva mawuwo. Anayang'ana ngolo, anayang'ana ndege, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka khumi ndi zinayi anaswa lamulo lawo. Analowa pabwalo akukuwa, anthu n'kuwatsatira.

Koma nswala sizithamangitsidwa ndi chipwirikiti. Ukazidzidzimutsa mbali ino zimathawira mbali inayo, motsata mzere womwewo wa udzu waufupi. Zimafuna anthu oyenda mondondozana kuchokera kumapeto, nthawi ilipo. Nthawiyo inali itatha.

Jestina anatulukira m'tchire madontho oyamba akugwa. Chimene anaona sadzachiiwala. Bambo ake anali pakati pa bwalo, atagwa m'matope, ndodo ili patali. Anali kukwawa ndi mawondo, akukupiza chipewa kuti njiri zichoke.

Jestina anathamanga kuwapitirira, akukuwa mpaka mawu kusasa, ndipo nyama zomalizira zinalowa m'tchire. Anatembenuka n'kukweza manja kumwamba. Bwalo linali loyera.

Koma kumapeto kwake kunali kutabisika kale ndi mvula, ndipo mphepo inkapinda mitengo. Ndege inatsika pang'ono, inagwedezeka, kenako inakwera n'kukhotera kum'mwera. Inapita mwakachetechete monga inabwerera.

5. Ndime yachitatu

Anthu anathawira pansi pa kadenga ka malata kamene kanali m'mbali mwa bwalo. Anakokera ngolo pomwepo. Damaris sankaliranso mokweza. Ankangobuula, atagwira dzanja la mwamuna wake.

A Deborah anali mayi wofatsa, koma tsiku limenelo anayankhula mwaukali.

"Ba Meshack, woyendetsa akuti anakupatsani kalata Lachisanu. Akuti zonse zinalembedwa mmenemo, kuti iyi ndege sithamangitsa nyama. Munailandira?"

"Ninailandira."

"Munaiwerenga?"

"Mwana wanga ananiwerengera yonse." A Meshack anatembenuka, matope akuyenderera pankhope. "Si choncho, Jestina?"

Sankamufunsa momukayikira. Ankangofuna kuti mwana wawo awachitire umboni pamaso pa anthu. Jestina akanangoti inde, mlandu ukanapita kwa olemba kalata, kapena kwa nkhalamba yoiwala. Aliyense ankamudikira.

"Sininawerenge yonse, adada."

Kenako Jestina anapitiriza.

"Ninadumpha ndime yachitatu. Inakamba kuti muzithamanga bwalo lonse ndege isanafike. Inakamba kuti ngati simungakwanitse, azapeza wina. Ninaopa kuti azakuchotsani nchito. Ninati nizithamanga ine m'malo mwanu."

Bradley anaimirira, koma Damaris sanamusiye dzanja. Anakhalanso pansi n'kubisa nkhope.

A Meshack anatulutsa kalata ija m'thumba. Inali itanyowa. Anaipereka kwa a Deborah, ndipo iwo anawerenga ndimeyo mokweza, mawu ndi mawu. Atamaliza, a Meshack anayang'ana Jestina. Pamene anayankhula sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinamupweteka Jestina kuposa mbama.

"Mwana wanga, ine maso yanga yafooka, Chizungu changa n'chochepa. Nikakupatsa pepala, nikhulupirira kuti chimene chituluka pakamwa pako ndicho chili papepala. Nilibe njira ina yodziwira. Manje iwe unaona mwendo wanga, unanimvera chisoni. Unaganiza kuti adada sangapirire mawu yowawa. Ine njati inanithyola, ninapirira. Amako tinawaika m'manda, ninapirira. Ndime imodzi ikananipha?

"Ukananiuza Lachisanu, Loweruka nikanapita kwa anyamata a mpira. Nikanawaphunzitsa kuyenda mondondozana akumenya zitini. Zikanakanika, nikanapita nekha kwa ba Sister kukatula nchito, mutu uli m'mwamba. Bwalo ili sanalilime kuti Meshack apeze chochita. Analilima chifukwa cha munthu ngati uyu wagona mu ngolo. Lero naimirira na ndodo kutchinga mwana wanga kuti asapulumutse mkazi wake, nikuganiza kuti nichita bwino. Iwe ndiwe unanipatsa ndodo imeneyo."

Jestina anagwada m'matope. Analira, osati kulira kofuna kuti amunyengerere, koma kwa munthu amene waona kukula kwa chimene wachita.

"Nikhululukireni, adada."

"Si ine wofunika kukhululuka lero," anatero a Meshack. Kenako anatembenukira kwa namwino. "Ba Sister, muwauze pa wailesi kuti apeze wina. Bwalo nalisiya."

Chinthu chimene Jestina ananamira kuti chisachitike chinachitika pamaso pake, ndipo chinatuluka pakamwa pa bambo ake omwe.

A Deborah analibe nthawi ya misozi ya munthu. Anaimbanso wailesi, anamvetsera, kenako anaitana amuna onse.

"Ndege singabwerere lero. Mitambo yatseka chigwa chonse. Koma ambulansi yanyamuka ku boma, izafika kutsidya kwa mtsinje. Ngolo singapite mu matope yaja. Timunyamula pa machira, makilomita khumi na awiri. Nifuna anthu asanu na atatu osinthana."

Amuna anali asanu ndi awiri. Anadula mitengo iwiri n'kumangapo bulangeti, ndipo anatenganso chingwe cha pangolo. Jestina anapukuta nkhope, anapita kutsogolo kwa machirawo n'kuika mtengo paphewa. Palibe amene anamuletsa, ndipo palibe amene anamuyang'ana.

Anayenda maola atatu mvula ikuwamenya. Amuna ankasinthana, koma iye anakana kutula, ngakhale phewa linasupuka mpaka kutuluka magazi. A Deborah ankayenda pambali, chala chili pa mkono wa wodwala.

Chapakati pa ulendo Damaris anatsegula maso.

"Mlamu," anatero motsitsa, "mwana sakusunthanso."

Jestina anangowonjezera liwiro, moti amuna a kumbuyo anayamba kuthamanga.

Dzuwa lisanalowe anamva mkokomo kutsogolo. Atatuluka m'mitengo anaiona ambulansi, yoyera, itaima kutsidya, dalaivala akuwakupizira manja. Koma pamalo pamene anthu ankawolokera madzi a m'mawondo, mtsinje unali utadzaza mpaka m'magombe, ukukokolola mitengo yathunthu.

Anatsitsa machira pansi. A Deborah anayang'ana madziwo, kenako anayang'ana anthu awo mmodzimmodzi.

"Pafunika munthu awoloke na chingwe, akachimange kutsidya kuti tiwolotse machira," anatero. "Ndani adziwa kusambira?"

Amuna onse anayang'ana pansi. Jestina anatambasula dzanja n'kutenga chingwecho.